Malo Otsala M'mafunde a FM: Abwereketsedwe, Koma Mwalamulo

Munthu akakhala m'boma la Mchinji n'kumapotokola wailesi pang'onopang'ono kuchokera pa 87.5 kukafika pa 108, amamva mawu a dziko loposa limodzi. Pena pamveka MBC, pena Zodiak, pena Mudzi Wathu ya m'boma momwemo, ndipo akayandikira chipata cha Mwami pamayamba kulowa mawu ochokera ku Chipata m'dziko la Zambia, komwe kuli Breeze FM ndi Radio Maria, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha. Pakati pa siteshoni ndi siteshoni pamangomveka phokoso la mwaa, ndipo womvera angaganize kuti malo m'mlengalenga ndi ambiri. Si choncho. Malo a FM ndi ochepa, owafuna ndi ambiri, ndipo boma la m'malire limagawana malowo ndi anansi. Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwa siteshoni iliyonse muli malo ena otsala, omwe khutu silimva, oti atha kunyamula mawu ena kapena malemba popanda kusokoneza pulogalamu yomwe ikuuluka. M'maiko ena malowa amabwereketsedwa ndipo amabweretsa ndalama. Mfundo ya nkhani ino ndi yoti wailesi zathu, makamaka za m'madera, ziyenera kuloledwa kuchita chimodzimodzi, koma potsatira malamulo olembedwa momveka, chifukwa chimene chikubwereketsedwacho si cha mwini wailesi yekha ayi, ndi cha mtundu wonse.

Malo amenewa ali pati?

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taona zimene siteshoni ya FM imatumiza. Mawu amene timamva, a muulutsi kapena a nyimbo, amakhala kumunsi, osapitirira makilohezi 15. Pa makilohezi 19 pamakhala kalikhweru kosamveka komwe kamauza wailesi kuti siteshoniyo ndi ya sitiriyo, ndipo pozungulira makilohezi 38 pamakhala uthenga umene umasiyanitsa sipika ya kumanzere ndi ya kumanja. Zimenezi zimathera pa makilohezi 53. Kuchokera pamenepo kukwera m'mwamba mpaka cha m'ma 99 pali mpata, ndipo mpatawo ndi womwe akatswiri amaikamo tinjira tam'mbali totchedwa subcarrier. Kanjira kodziwika kwambiri kali pa makilohezi 57, ka RDS, komwe bungwe la wailesi za ku Ulaya la European Broadcasting Union lidakhazikitsa mu 1984. Amene adakwerapo galimoto yomwe wailesi yake imalemba dzina la siteshoni pagalasi adaona ntchito ya kanjira kameneka. Kamanyamula zochepa, mabiti 1,187.5 pa sekondi, koma zokwanira dzina la siteshoni, nthawi, ndi uthenga wa malemba 64. Ku America kuli tinjira tina pa makilohezi 67 ndi 92, tomwe timanyamula mawu enieni, osakoma ngati a pulogalamu yaikulu koma omveka bwino kwa amene ali ndi wailesi yapadera yotsegulira tinjirato.

Chachiwiri chofunika kuchidziwa ndi ntchito ya milongoti yolandirira ndi kupatsira mawu. Mafunde a FM amayenda molunjika, pafupifupi monga momwe maso amaonera, ndipo phiri likaima pakati, mudzi wa kuseri umasowa mawu. Mchinji ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ili ndi mapiri ake chakumadzulo, kumene kumachokera mtsinje wa Bua. N'chifukwa chake nyumba zoulutsira mawu zimaika transimita zina pamalo okwera. Pamalo otero munthu amapeza kanyumba ka njerwa kapena kontena yachitsulo, kozingidwa ndi mpanda wa waya. Pamlongoti pali eriyo imodzi yoloza komwe kuli siteshoni yaikulu, yomwe ntchito yake ndi kumvera. Chingwe chimatsika nawo mawuwo kulowa m'bokosi lokhala ndi timagetsi tobiriwira ndi fani yolira usana ndi usiku, bokosilo limawasamutsira pa nambala ina, ndipo chingwe china chimakwera nawo ku eriyo yachiwiri yomwe imawamwaza kumidzi. Pakona pamakhala mabatire, panja jenereta kapena sola, chifukwa magetsi akathima dera lonse limakhala chete. Pamalopo palibe muulutsi, palibe maikolofoni. Makina ena amangosamutsa zonse zimene alandira osazitsegula, kotero tinjira tam'mbali timadutsa limodzi ndi pulogalamu. Ena amayamba atsegula uthengawo n'kuumanganso, ndipo pa makina oterewa ndi pomwe munthu angathe kulowetsa zake zimene siteshoni yaikulu sikuzidziwa. Funso lalikulu la malamulo lagona pamenepo: kodi ndani ali ndi ufulu wolowetsa kanthu, ndipo akalakwitsa afunsidwa ndani?

Zimene ena adachita nawo

Ku America bungwe loyang'anira mauthenga la FCC lidayamba kulola ntchito ya tinjira timeneti mu 1955, nthawi imene wailesi za FM zinali zochepa omvera ndiponso zosauka. Zambiri zidapulumuka pobwereketsa kanjira kawo kwa makampani otumiza nyimbo zoziziritsa mtima m'masitolo ndi m'mahotela. Pa 2 January 1969 m'chigawo cha Minnesota mudayamba Radio Talking Book, wailesi yowerengera anthu osaona nyuzipepala ndi mabuku, ndipo idayenda pa kanjira kam'mbali ka siteshoni ina. Ntchito yotereyi idafalikira m'dziko lonselo. Mu mzinda wa New York anthu ochokera ku Haiti, omwe sakadakwanitsa kugula siteshoni, adachita lendi tinjira timeneti n'kumaulutsa m'chilankhulo chawo, omvera n'kumagula mawailesi okonzedwa mwapadera. Mu 1983 FCC idamasula malamulo kuti tinjirati tithe kunyamulanso mauthenga a malonda ndi a makompyuta, koma idasiya chitetezo chimodzi: siteshoni yosachita malonda ikafuna kupanga ndalama ndi tinjira take, isapondereze ntchito yowerengera osaona. Ku Ulaya RDS imatumiza ku magalimoto uthenga wa misewu yotsekeka. Pa zonsezi lamulo la maziko silidasinthe: mwini chiphaso ndiye amayankha pa chilichonse chotuluka pa mlongoti wake, kaya chikumveka pa wailesi wamba kaya ayi.

Malamulo a ku America pa transimita zopatsira mawu, zomwe zidaloledwa mu 1970, ali ndi phunziro lina. Mphamvu yake isapitirire mawati 250, ndipo ntchito yake ndi kubwereza za siteshoni yaikulu, osati kuyambitsa mapulogalamu akeake, kupatula chenjezo la ngozi ndi masekondi 30 pa ola othokoza kapena kupempha thandizo. Cholinga chinali choti transimita yaing'ono isasanduke siteshoni yatsopano yolowera kuseri. Komabe pamene wailesi ya digito idafika, anthu adapeza mpata: wina amachita lendi kanjira ka digito pa siteshoni yaikulu, n'kukatulutsa mawuwo pa transimita yaing'ono, ndipo womvera amangoona kuti kwabwera siteshoni yatsopano. Lamulo lidalola zimenezi, koma zikutionetsa kuti kanjira kam'mbali kakakumana ndi mlongoti wopatsira mawu, pamabadwa chinthu chomwe olemba malamulo sadachiganizire. Dziko lililonse lofuna kutsegula khomo limeneli liyenera kuyamba laganiza za pomwe ziwirizi zimakumana.

Chifukwa chake Mchinji ikufunika zimenezi

Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 600,000 m'boma la Mchinji, ambiri mwa iwo alimi a mtedza, soya, chimanga, fodya ndi mbatata ya kachewere. Chaka chilichonse unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amakumana ndi venda ali ndi sikelo pamtengo wa mango, ndipo amene akudziwa mtengo wa tsikulo ndi vendayo. Wailesi imalengeza mitengo, inde, koma pa ola lake, ndipo ola limenelo mlimi angakhale ali kudimba. Uthenga wolembedwa woyenda pa RDS sudikira ola. Umabwerezedwa tsiku lonse, ndipo bolodi laling'ono loyendera sola loikidwa pamsika wa Kamwendo, pa ofesi ya mlangizi kapena pa kalabu ya alimi lingathe kumausonyeza nthawi ina iliyonse, popanda bandulo, popanda netiweki ya foni. Nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA nazonso zili ndi machenjezo ofunika kufika msanga. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndipo adationetsa kuti magetsi ndi misewu zikawonongeka, njira iliyonse yofikitsira uthenga kwa anthu imakhala ya mtengo wapatali. Palinso ana ndi akulu osaona, omwe nyuzipepala ndi mabuku a sukulu siziwafikira mosavuta. Kanjira ka mawu kangathe kuwawerengera maola ambiri pa tsiku, zomwe pulogalamu yaikulu, yodzaza kale ndi nkhani, nyimbo, mauthenga a maliro ndi malonda, singakwanitse.

Mbali inayo ndi ya ndalama. Wailesi za m'madera, kuyambira pa Dzimwe ya ku Mangochi yomwe idayamba mu 1998, zakhala zikudalira anthu ongodzipereka, mabungwe othandiza ndi timalonda tochepa ta m'deralo. Zipangizo zawo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. M'chaka cha 2022 bungwe loyang'anira mauthenga m'dziko muno la MACRA lidalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu ndi kanema, kuphatikizapo Rainbow Television, chifukwa cha ngongole za ziphaso. Wailesi yomwe ikuvutika chonchi imagwa m'mayesero ogulitsa maola ake abwino kwa aliyense wobwera ndi ndalama, ndipo womvera ndi amene amaluza. Kubwereketsa kanjira kam'mbali n'kosiyana, chifukwa sikuchotsa ngakhale mphindi imodzi pa pulogalamu. Mlongoti ulipo kale, magetsi akulipiridwa kale, katswiri alipo kale. Ngati unduna, kampani yogula mbewu, banki kapena bungwe lothandiza osaona lingalipire kuti uthenga wake uyende m'malo omwe akungokhala, ndalamazo zingagule dizilo wa jenereta ndi mabatire. Kugawana zipangizo si chinthu chachilendo m'dziko muno: mu 2022 kampani ya Helios Towers idagula milongoti ya Airtel Malawi, ndipo ntchito yake ndi kubwereketsa malo pa milongotiyo.

Malamulo ake akhale otani?

Lamulo la zamauthenga la 1998 ndi lomwe lidakhazikitsa MACRA, ndipo lidalowedwa m'malo ndi la 2016. Maziko ake ndi akuti munthu saulutsa mawu kapena kugwiritsa ntchito mafunde popanda chiphaso. Anthu a ku Mchinji sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa zikufanana ndi munda wa makolo umene mfumu idagawa: wolimayo angathe kubwereketsa ndime imodzi kwa mnzake chaka chino, koma sangagulitse mundawo, ndipo wobwerekayo akadzala chamba, woyamba kuitanidwa kubwalo ndi mwini munda. Lamulo loyamba likhale limenelo, kuti mwini chiphaso ayankhe pa zonse, ndipo pangano la lendi limupatse mphamvu yozimitsa kanjirako nthawi yomweyo akaona cholakwika. Lachiwiri likhale loti pangano lililonse lilembedwe ndi kutumizidwa ku MACRA, lotchula wobwereka, mtundu wa uthenga, nambala ya kanjira ndi kutalika kwa nthawi, ndipo kaundula wake akhale poyera kuti aliyense athe kuona. Pa wailesi ya m'dera, komiti yoimira anthu a m'deralo ivomereze panganolo, ndipo ndalama zake zioneke m'mabuku a wailesi, zisathere m'thumba la munthu mmodzi.

Lamulo lachitatu ndi la transimita zopatsira mawu. Zimene siteshoni yaikulu yaika pa tinjira take zidutse momwe ziliri, popeza mwini chiphaso akuzidziwa. Koma kulowetsa uthenga watsopano pa mlongoti wa kutali kuloledwe pokhapokha mwini chiphaso atavomera molemba, ndipo kukhale kwa zinthu zotchulidwa: chenjezo la ngozi, zanyengo, mitengo ya mbewu, zaumoyo, maphunziro ndi ntchito yowerengera osaona. Mwini mlongoti amene wangobwereketsa malo pachitsulo chake asakhale ndi ufulu wogulitsa kanjira ka siteshoni ya eni. Apa pali phindu lenileni ku boma ngati Mchinji, chifukwa siteshoni ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre imalankhula ndi dziko lonse, pomwe mlongoti wake wa kuno ungathe kunyamula uthenga wa kuno kokha, monga kusefukira kwa Bua kapena kubuka kwa matenda a ziweto m'dera lina, popanda kuvutitsa womvera wa ku Nsanje. Lachinayi likhale loti ntchito zothandiza anthu ziyambe ndizo: siteshoni yomwe ili ndi tinjira tiwiri isakane osaona pamtengo wongobweza zimene yawononga, ndipo chenjezo la ngozi lidutse patsogolo pa malonda alionse.

Mafunso a otsutsa

Wina anganene kuti zonsezi ndi zachikale, kuti dziko lidapita kale pa intaneti ndi WhatsApp. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Kampani ya Microsoft idayesa kutumiza nkhani ndi zanyengo ku mawotchi ndi zipangizo za m'galimoto kudzera pa tinjira ta FM, koma idatseka ntchitoyo, ya MSN Direct, pa 1 January 2012, mafoni amakono atailanda msika. Ntchito zambiri zowerengera osaona ku America nazonso zidayamba kupezeka pa intaneti. Kuwonjezera apo, kawailesi ka mabatire kamene kamagulitsidwa pamsika sikatsegula tinjira timeneti. Koma tifunse: kodi zimene zidagonjetsa tinjirati ku America zafika kale kwa mlimi wa kwa Mavwere kapena kwa Dambe? Foni yamakono imafuna ndalama zogulira, magetsi otchajira ndi bandulo yosatha, ndipo uthenga uliwonse umalipiridwa pa munthu pa munthu. Wailesi imatumiza kamodzi, olandira kaya ndi khumi kaya ndi zikwi zana, mtengo wake ndi womwewo. Sikofunikanso kuti banja lililonse ligule chipangizo chapadera. Makalabu omvera wailesi ndi chinthu chodziwika kale m'midzi yathu, ndipo chipangizo chimodzi pasukulu, pachipatala chaching'ono kapena pamsika chingatumikire anthu ambiri. Lamulo la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera osafikirika, ndipo kugula zipangizo zotere n'kogwirizana ndi cholinga chake. Ngati pambuyo pake kudzapezeke kuti ofuna lendi ndi ochepa, dziko silidzaluza kanthu polola. Kuletsa kapena kungokhala chete ndi komwe kumatseka mwayi usanayesedwe n'komwe.

Wina anganene zosiyana, kuti ngati malowo ndi a siteshoni ndipo womvera wamba sakumva kanthu, boma likulowererapo chiyani? Yankho loyamba ndi la makina. Funde la FM lili ndi malire a momwe lingagwedezekere, makilohezi 75 mbali iliyonse, ndipo chilichonse chokwera pa fundelo chimadya gawo la malirewo. Kanjira ka mawu kamatenga pafupifupi 10 peresenti, ka RDS kamatenga zocheperapo. Katswiri akatchera bwino, womvera sazindikira kusiyana. Koma mwini siteshoni akafuna kusangalatsa wobwereka popanda kutsitsa mawu akeake, amadutsa malire, ndipo fundelo limatayikira mwa mnansi. Wovutika woyamba ndi womvera wa kumapeto kwa dera, yemwe mawu amamufika kale mofooka, ndipo iyeyo sangadziwe komwe kwachokera vutolo kapena koti akadandaule. Pamwamba penipeni pa 108 pamayambira mafunde othandiza ndege kutera, choncho transimita yosasamalidwa si nkhani ya nyimbo zokha. Yankho lachiwiri ndi la chilungamo. MACRA ikamapereka chiphaso imaona kuti mwini wake ndani ndipo walonjeza kutumikira anthu motani. Ngati munthu amene adakanidwa chiphaso, kapena amene adalandidwa, angathe kungochita lendi kanjira n'kumaulutsa, ndiye kuti amene adatsata ndondomeko apusitsidwa. Wogulitsa mankhwala abodza kapena wofalitsa chidani nthawi ya chisankho angakonde kwambiri njira imene anthu ambiri sakuimva, chifukwa ndi yomwe ilibe mboni.

Chodandaula chachitatu n'cholemera kuposa zonse, ndipo atolankhani ali ndi chifukwa chochinenera. Dziko lino lidakhala zaka pafupifupi 30 kuchokera mu 1964 likumva mawu a MBC yokha, ndipo ufulu wolankhula ndi wa atolankhani, womwe uli m'ndime 35 ndi 36 za malamulo aakulu a dziko, sudabwere mophweka. Lamulo latsopano lililonse lingathe kusanduka chingwe chomangira wailesi, kapena msonkho wina pamwamba pa yomwe ikulephereka kale. Nkhawayi iyankhidwe m'kalembedwe ka lamulolo. Likhale lodziwitsa, osati lopempha chilolezo pa uthenga uliwonse: siteshoni itumize pangano, ndipo MACRA ikapanda kutsutsa m'masiku otchulidwa, ntchito iyambe. Zifukwa zokanira zilembedwe m'lamulo momwemo, zikhale za makina kapena za umwini, ndipo wokanidwa akhale ndi kokadandaula. Wailesi za m'madera zisalipiritsidwe kanthu pa kanjira kothandiza anthu, popeza mafundewo adalipiridwa kale m'chiphaso. Ndipo lamulolo lisalembedwe mu ofesi mokha. Eni wailesi, bungwe la MISA Malawi, la Media Council of Malawi ndi la Malawi Union of the Blind akhale nawo pokambirana. Tisaiwalenso kuti kusowa kwa lamulo lomveka sikuteteza wofooka. Pamene palibe cholembedwa, wamphamvu amachita zimene akufuna, ndipo wailesi yaing'ono ndi yomwe imaopa kuyesa chilichonse poopa kulandidwa chiphaso.

Nkhani ya malire

Chomaliza ndi chomwe chimasiyanitsa Mchinji ndi maboma a pakati pa dziko. Bomali limagundana ndi Zambia komanso chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo mafunde saima pachipata. Wailesi ya FM ili ndi khalidwe lakuti masiteshoni awiri akakumana pa nambala imodzi, yamphamvu imazimiratsa yofooka. N'chifukwa chake maiko a mu Africa ndi Ulaya adagwirizana ku Geneva mu 1984, pansi pa bungwe loona za mauthenga padziko lonse la ITU, za kagawidwe ka manambala a FM, kuti dziko likafuna kuika transimita pafupi ndi malire liyambe lakambirana ndi anansi. Ku Zambia mafunde amayang'aniridwa ndi ZICTA pomwe ziphaso zoulutsira mawu zili m'manja mwa Independent Broadcasting Authority, ku Mozambique kuli INCM, ndipo mabungwe oyang'anira mauthenga a m'chigawo chino amakumana mu CRASA. Kanjira kam'mbali kobwereketsedwa ku Mchinji kadzamvekanso kutsidya, ndipo ka ku Chipata kadzamveka kuno. Izi zingakhale zabwino kwambiri, chifukwa anthu a mbali zonse amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amakumana ku Kulamba ku Mkaika ndi ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kolera kapena chigodola cha ng'ombe sizisankha dziko. Koma zingakhalenso njira yoti munthu woletsedwa kwawo achite lendi kutsidya n'kumalankhula ndi anthu a kwawo popanda womufunsa. Lamulo lathu linene kuti wobwereka wochokera kunja adziwike ku mabungwe a maiko onse awiri, ndiponso kuti lendi isakhale chifukwa chowonjezera mphamvu ya transimita kapena kutembenuzira eriyo kutsidya. Maboma a Malawi ndi Zambia adatha kugwirizana zomanga chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, chomwe apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegula mu December 2022. Kugwirizana pa tinjira ta wailesi ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo.

Zonsezi sizikutanthauza kuti tinjira tam'mbali tidzathetsa umphawi wa wailesi za m'madera kapena kuti mlimi aliyense adzagulitsa mtedza pamtengo woyenera. Ndi chida chaching'ono, chakale, chotsika mtengo, chomwe chili kale m'mlongoti uliwonse wa FM m'dziko muno. Chofunika n'chakuti MACRA ilembe malamulo afupiafupi, m'Chichewa ndi m'zinenero zina za dziko lino, onena amene angabwereketse, amene angabwereke, malire a makina ndi udindo wa mwini chiphaso, kenako ilole kuyesa m'boma limodzi kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Mchinji ndi malo oyenera kuyesera, chifukwa ili ndi wailesi ya m'dera, alimi ofuna kudziwa mitengo, mapiri otchinga mawu, ndi malire a maiko awiri, kutanthauza kuti vuto lililonse lomwe lamulo lingakumane nalo lidzaonekera komweko. Aphungu a m'bomali, khonsolo, mafumu ndi makomiti a wailesi afunse za nkhaniyi, ndipo inu omvera, mukapeza mpata woimba foni pa wailesi ya kwanu, funsani kuti malo otsala pa funde lawo akugwira ntchito yanji. Mafundewo ndi anu, ndipo muli ndi ufulu wodziwa amene akuwagwiritsa ntchito ndi amene akupindula nawo.